MABUKU AMENE AMASUNGA MBIRI YA MADZI A NYANJA

M'chaka cha 2024 madzi a Nyanja ya Malawi anakwera nalowa m'nyumba, m'minda ndi m'mahotela m'boma la Mangochi. Anthu ambiri anafunsa kuti, "Kodi akatswiri a Boma amadziwa bwanji za kukwera ndi kutsika kwa nyanja?" Yankho lake lili m'mabuku.

Kuyambira chaka cha 1896 anthu akhala akulemba pamene madzi a nyanjayi alekeza. Pa madoko monga Monkey Bay, Nkhata Bay ndi Chilumba anaimika zoyezera zokhala ndi manambala, ndipo munthu amawerenga nalemba m'buku. Mabukuwo ndiwo asonyeza kuti kuyambira 1915 kufikira 1935 nyanja inatsika kotero kuti mchenga unatseka potulukira mtsinje wa Shire, ndiponso kuti mu 1980 madzi anakwera kufika mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere.

Ndi manambala amenewa mainjiniya amapanga chifanizo cha nyanja cha masamu. Ntchitoyi ifanana ndi kuwerengera chimanga cholowa ndi chotuluka m'nkhokwe. Madzi olowa ndiwo a mvula ndi a mitsinje; otuluka ndiwo ouma ndi dzuwa, amene ali ochuluka koposa, ndi opita ndi Shire. Poyamba amayesa chifanizocho ndi zaka zapitazo. Chikagwirizana ndi zolembedwa, pamenepo amachigwiritsa ntchito poganizira m'mene angatsegulire zitseko za madzi za pa Liwonde, zimene zinamangidwa mu 1965. Akatseka kwambiri, madzi amasautsa a ku Mangochi. Akatsegula kwambiri, amasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo chilala chikadza makina a magetsi pa Nkula amasowa madzi. Kale masamuwa ankachitika papepala, koma lero amachitika pa kompyuta.

Tsono nzeru zotere zikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi zimapita naye iye akapuma ntchito. Chifukwa chake akatswiri amalemba njira zawo nagawana ndi anzawo. Mu 1954 kampani ya Sir William Halcrow and Partners inapereka ku Boma lipoti la nyanjayi ndi Shire, ndipo mu 1984 Bambo R. S. Drayton anasindikiza kawerengedwe kawo ka madziwa. Pochita chotero anzawo amaona molakwika nakonza, ndipo injiniya wachinyamata amayambira pamene akulu ake analekeza.

Anthu a m'mbali mwa nyanja nawonso ali ndi mbali yawo. Asodzi asamangirire mabwato pa zoyezera, ndipo aphunzitsi auze ana kuti asaziwononge, pakuti tsiku limene lapita osalembedwa silibweranso. Munthu wofuna kumanga nyumba kufupi ndi gombe achita bwino kuyamba wafunsa akuluakulu a m'mudzi pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024.