MASITIROBERI OBVIIKA M'COKOLETI CONYEZIMIRA

Ali yense amene anakwerapo phiri la Zomba anaona anyamata ataima m'mbali mwa mseu ndi timadengu ta masitiroberi. Zipatso zimenezi zimakonda malo ozizira, cifukwa cace zimacita bwino pa phiripo, koma sizikhalitsa: mukathyola lero, mkuja zayamba kale kubvunda. Njira imodzi yozikometsera pa ukwati kapena pa madyerero a ana ndiyo kuzibviika m'cokoleti ndi kuziwaza zonyezimira. Nchito imeneyi siifuna magetsi ai, mbaula ya makala ikwanira. Cimene cifunika ndico kusamala, cifukwa cokoleti n'codula, ndiponso zonyezimira zina zikhoza kudwalitsa ana.

MADZI AMAONONGA COKOLETI

Sankhani zipatso zakupsa bwino, zolimba, zopanda bala, ndipo musacotse kamtengo ndi masamba ace, pakuti pamenepo ndi pogwirira. Zitsukeni m'madzi oyera, muzipukute cimodzi cimodzi ndi nsaru yoyera, ndi kuziyanika pa mthunzi ola lathunthu. Musaiwale pansi pa timasamba tija, mpamene madzi amabisala.

Kodi n'cifukwa ninji tikulimbikira za kuuma? M'cokoleti mulibe madzi. Muli ufa wa koko ndi shuga, zosanganiza m'mafuta. Dontho limodzi la madzi likagweramo, shuga amanyowa nagwirana, ndipo cokoleti conse cimasanduka mibulu ngati nsima yophika mwana. Cikatero simungathe kubviikamo kanthu, ndipo ndarama zanu zapita. Motero mbale, sipuni ndi manja omwe zikhale zouma gwa.

Magalamu 200 a cokoleti akwanira zipatso pafupifupi 20. Cokoleti cophikira, cimene amagulitsa m'masitoro akuru, ndico cosabvuta kwa oyamba kumene, cifukwa cimauma msanga. Cidulenidulene, muike m'mbale yacitsulo. Wiritsani madzi pang'ono mumphika, muphule, ndipo mukhazike mbale ija pakamwa pa mphika, koma isakhudze madzi. Mbale ikhale yaikuru kuposa kamwa la mphika kuti nthunzi isalowe m'cokoleti, pakuti nthunzi ndi madzinso. Musabvundikire. Takasani pang'ono pang'ono mpaka cisungunuke. Musayese kuika mbale pa moto peni peni, cokoleti cimapserera msanga nicimawawa. Cikhale cofunda cabe, cosapitirira madigiri 45. Mukadonthezera pa dzanja cisakuocheni. Cikakhala colimba, onjezani kasipuni kamodzi ka mafuta ophikira, osati madzi kapena mkaka.

Tsono gwirani cipatso ku masamba, mucibviike ndi kucitembenuza, musiye kofiira pang'ono kumwamba kuti anthu aone cimene akudya. Dikirani cokoleti cotsala cidonthere m'mbale, ndipo cipatso mucigoneke pa pepala lophikira keke. Ngati mulibe, tsamba la nthoci lotsuka ndi louma licita bwino lomwe.

ZONYEZIMIRA ZINA SI CAKUDYA

Apa tipempha awerengi athu achere khutu. Zonyezimira zimene ana amamatira pa mapepala kusukulu, ndi zimene atsikana amadzola kumaso, zimapangidwa ndi pulasitiki kapena citsulo. Zimenezo zisayandikire cakudya konse. Ngakhale tibotolo tina togulitsidwa pamodzi ndi zokometsera keke si tonse todyedwa. Ku America, m'dera la Rhode Island, mu 2018, ana 6 anasanza ndi kutsegula m'mimba atadya keke yokongoletsedwa ndi fumbi lowala ngati golidi. Akuru a zaumoyo atapima anapeza kuti fumbilo linali mkuwa. Mu 2019, ku Missouri, mwana wa caka cimodzi anapezeka ndi mtobvu m'magazi, ndipo m'fumbi limene anawaza pa keke yace gawo limodzi mwa magawo anai linali mtobvu. Mtobvu umaononga ubongo wa mwana, ndipo zizindikiro zace sizioneka msanga.

Cifukwa cace werengani kabotolo musanagule. Pakhale mau akuti "edible", ndiko kuti codyedwa, ndiponso mndandanda wa zimene anapangira, monga shuga, ufa wa cimanga ndi utoto wa cakudya. Mau akuti "non-toxic" asakunamizeni. Iwo angotanthauza kuti si ciphe, ndipo coko ca mphunzitsi naco si ciphe, koma palibe amene amacipatsa alendo. Mukaona "for decoration only", kapena wogulitsa akakupimirani m'kapepala kosalembedwa, siyani.

Ife tiona kuti kwa anthu a kumudzi njira yabwino koposa ndiyo kupanga zanu. Tengani masipuni anai a shuga woyera wa mchenga waukuru, mudonthezemo madontho awiri a utoto wa cakudya, musanganize, muyale pa mbale ndi kusiya aume kotheratu. Shuga wotere amang'anima pa cokoleti cakuda ngati mame a m'mamawa, ngakhale safika pa kuwala kwa zogula. Muwaze cokoleti cisanaume, cifukwa cikauma sagwira.

KUSUNGA NDI KUGULITSA

M'miyezi yozizira cokoleti cimauma cisanathe theka la ola. M'mwezi wa October gwirani nchitoyi mbandakuca, muike zipatso m'cipinda cozizira koposa, kutali ndi dzuwa. Bvundikirani ndi dengu kuti nchenche zisatere. Kuti nyerere zisafike, ikani miyendo ya tebulo m'tizitini ta madzi. Amene ali ndi fuliji aikemo mphindi 15 zokha, pakuti zikakhalitsamo zimacita thukuta pozituruka, ndipo shuga uja amasungunuka.

Zidyedwe tsiku lomwelo. Cipatso cimaturutsa madzi ace m'kati mwa cokoleti, ndipo mawa lace cimakhala cofewa. Amene afuna kugulitsa ayambe wawerenga mtengo wa cokoleti, zipatso ndi makala, agawe ndi ciwerengero ca zipatso, ndipo apange zokhazo zimene anthu aitanitsa.