Malipiro awiri, mwana palibe: ndalama zikupita kuti?

Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuno kuli mabanja omwe bambo ndi mayi onse ali pa ntchito, wina mphunzitsi wina namwino, koma mwana sanabwere. Ena akudikira dala, ena akudikira chifuniro cha Allah. Anthu amaganiza kuti m'nyumba zotere ndalama zimangosefukira, chonsecho mwezi usanathe ena amakhala atapita kale kwa wakatapila, kumene kuli riba yoletsedwa.

Zina zimathera pa zing'onozing'ono: bandulo ya intaneti, chipisi cha madzulo poti onse aweruka otopa, nsalu ya yunifolomu pa ukwati uliwonse. Koma zambiri zimapita kwa achibale. Kwathu kuno malume amayembekezeredwa kuthandiza fizi ya ana a mlongo wawo, ndipo akakhala kuti alibe ana awoawo, abale amaona ngati alibe chochita ndi ndalama. Kuthandiza abale ndi ibada yaikulu. Vuto limabwera pamene aliyense akutumiza kwawo pa Mpamba kapena Airtel Money mnzake osadziwa, lendi isanalipidwe.

Shariya inagawa kale maudindo. Nafaqa, kutanthauza pogona, chakudya ndi zovala, ili pamutu pa mwamuna ngakhale mkazi atamalandira zambiri kuposa iye. Malipiro a mkazi ndi ake. Akagula magetsi kapena thumba la chimanga, imeneyo ndi swadaka yake. Mwamuna athokoze, asalamule. Azibambo ena nkhope zimagwa akamva zimenezi pa darasa, koma lamulo ndi lomwelo.

Pa zakaat nazonso chuma cha awiriwa sichiphatikizidwa. Aliyense awerengere zake: zosunga zikafika pa nisab, womwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, n'kutha chaka cha Chisilamu zili m'manja mwake, achotse 2.5 peresenti.

Zaka zopanda matewera ndi fizi ndiyo nthawi yogula puloti, yosungira Hijja, kapena yokaonana ndi madokotala ngati mwana akuchedwa. Tsiku lolandira khalani pansi nonse awiri, mugwirizane kuti kuchimuna kupita zingati, kuchikazi zingati, zosunga zingati. Wachibale akaimba pakati pa mwezi, yankho likhale limodzi kuchokera kwa nonse.