Zinthu 11 zodabwitsa za nkhondo ya Chilembwe ndi anthu amene akusunga mbiri yake

Anthu a ku Area 10 amene amatsikira ku City Centre m'mawa amadutsa pafupi ndi msewu wa Chilembwe, cha ku hotela ya Capital. M'matumba mwawo muli ndalama za K500 ndi K2,000 zokhala ndi nkhope ya munthu yemweyo, zochokera ku Reserve Bank imene likulu lake lili chapomwepo. Dzinali palibe amene salidziwa. Koma mukafunsa mwana wa sekondale, ngakhale bwana wa ku Capital Hill, kuti chinachitika n'chiyani mu Januwale 1915, ambiri amangoti, "Anamenyana ndi azungu," n'kuthera pomwepo. Nkhaniyi ndi yotakata kuposa apo, ndipo zambiri zimene tikudziwa lero zinapulumuka chifukwa cha anthu ochepa amene anaumirira kusunga mapepala akale.

1. Nkhondo yonse sinakwane ngakhale masabata awiri.

Inayamba usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915. Pofika pa 26 Januwale, asilikali a boma anali atalanda Mbombwe, likulu la mpingo wa a Chilembwe wa Providence Industrial Mission (PIM) ku Chiradzulu. Pa 3 Febuluwale, M'busa John Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi m'dera la Mulanje akuthawira ku Mozambique. Azungu amene anaphedwa anali atatu okha. Komabe masiku owerengekawo anagwedeza boma la Bwanamkubwa George Smith ku Zomba mpaka azungu a m'maesiteti anasonkhanitsidwa m'malo otetezedwa chifukwa cha mantha.

2. Moto unayakira pa munda wa mdzukulu wa David Livingstone.

Ichi ambiri sachidziwa. Esiteti ya Magomero inali ya kampani ya A. L. Bruce, ndipo amene ankaiyendetsa, Alexander Livingstone Bruce, anali mdzukulu weniweni wa David Livingstone, mmishonale amene timamutama chifukwa chodana ndi ukapolo. Magomero yemweyo ndi pamene Bishopu Mackenzie anamanga mishoni yoyamba mu 1861, pakati pa anthu omasulidwa m'magoli. Patapita zaka 50, pamalopo panali thangata. Munthu wokhala pa esiteti ankalipira malo ndi thukuta lake: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo akapitawo ankaitalikitsa mmene afunira. Ambiri mwa anthuwa anali Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi, choncho analibe kwina kopita. Ankalima thonje ndi fodya za mwini malo pamene minda yawo ikumera tchire, ndipo njala ya 1912 ndi 1913 inawapeza ali m'manja lende.

Woyang'anira munda, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi chikoti. Matchalitchi a udzu amene anthu a PIM ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Munthu amapirira njala, amapirira msonkho, koma akamuwotchera nyumba yopemphereramo imene wamanga yekha madzulo atachoka ku thangata, mtima umasintha.

3. Asanagwire mfuti, a Chilembwe anayamba agwira cholembera.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika kuno msanga. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi, Gwendolen, inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu yomweyi. Pa 9 Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo amene anagona pansi ambiri anali asilikali akuda a mbali zonse ziwiri. Mu Novembala a Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yakuti anthu osauka, amene pa mtendere sawerengedwa kanthu, asatengedwe kukafera mkangano wa mafumu a ku Ulaya, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda wowasamala. Boma linatsekereza kalatayo ndipo linayamba kukonza zowathamangitsa m'dziko muno. Amene amati m'busayu anangodzuka tsiku limodzi n'kuyamba chiwawa sanaiwerenge mbiri bwino. Anayankhula kaye, koma sanamvedwe.

4. Sanali gulu la anthu osaphunzira.

A Chilembwe eni ake anapita ku America mu 1897 limodzi ndi mmishonale Joseph Booth, anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo anabwerako mu 1900 mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Anatsegula sukulu, analimbikitsa amayi kuphunzira kusoka, ndipo anamanga tchalitchi cha njerwa chimene chinatha mu 1913. John Gray Kufa anali wothandiza dokotala wophunzitsidwa ku Blantyre Mission, mkulu wa mpingo wolemekezeka. Duncan Njilima anali ndi masitolo ndi minda. David Kaduya, amene anatsogolera ankhondo, anali atagwirapo usilikali. Anthuwa anali ndi katundu ndi ulemu zoti n'kutaya, ndipo anataya zonse pamodzi ndi moyo.

5. Amayi ndi ana a azungu sanaphedwe, koma mutu wa munthu unalowa m'tchalitchi.

Mfundo ziwirizi ziyenera kunenedwa pamodzi, chifukwa aliyense amakonda kutola imodzi yomukomera. Pa esiteti ya Bruce ankhondo anapha William Jervis Livingstone, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Amayi ndi ana amene anawapeza anawatenga, koma anawamasula ali bwinobwino, malinga ndi lamulo limene anapatsidwa. Komanso ndi zoona kuti mutu wa Livingstone unadulidwa pamaso pa mkazi wake, ndipo Lamlungu pa 24 Januwale a Chilembwe analalikira mutuwo uli poonekera. Pa 26 Januwale gulu lina linatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi ndi kuvulaza wansembe. Kubisa zimenezi n'kupeputsa ana athu. Ngwazi imene mbiri yake tayitsuka mpaka kuyera mbee siyiphunzitsa munthu kanthu za mmene nkhanza zimaberekera nkhanza zinzake.

6. Laibulale imene imasunga mbiriyi ili m'nyumba ya kampani imene ankhondowo anaithyolera.

Usiku woyamba uja wa pa 23 Januwale, gulu la amuna pafupifupi 100 linayenda wapansi kuchokera ku Chiradzulu kupita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida ya African Lakes Corporation, kampani imene tonse timaitcha Mandala. Apa m'pamene panagona zonse, chifukwa popanda mfuti nkhondoyo inalibe miyendo. Phokoso linadzutsa anthu asanamalize, ndipo anathawa ndi mfuti zochepa chabe. Ena anagwidwa n'kuphedwa.

Lero mukapita pa Mandala mupeza nyumba ya manijala wa kampaniyo, yomangidwa mu 1882, yosanja, ya makonde otakasuka, imene imawerengedwa kuti ndiyo nyumba yakale kwambiri mwa zimene zidakaimabe m'Malawi. Mukakwera masitepe a matabwa, m'chipinda chapamwamba muli laibulale ndi nkhokwe ya zolembedwa zakale ya Society of Malawi: mabuku, mamapu, zithunzi ndi magazini, zina zofiirira ndi ukalamba moti tsamba lake umalitembenuza ndi manja awiri. Mdzukulu wa munthu amene anayenda usiku uja atha kukhala pa mpando m'nyumba ya bwana wa kampaniyo n'kumawerenga za agogo ake.

7. Bungwe losunga mbirili linayambitsidwa nthawi ya atsamunda.

Society of Malawi inabadwa mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society, ndipo oyambitsa ake ambiri anali azungu okhala muno. Mu 1948 inayamba kutulutsa magazini ya kafukufuku, The Nyasaland Journal, imene dziko litalandira ufulu inasanduka The Society of Malawi Journal. Imatuluka kawiri pa chaka, ndipo makope ake akale amapezeka pa intaneti kudzera pa JSTOR. Muli nkhani za mbalame, nsomba, zilankhulo, mafumu, njanji ndi sitima, komanso nkhani zambiri zofufuza za a Chilembwe: banja lawo, imfa yawo, anzawo. Bungwe lomweli ndi limene linalimbikira kuti dziko lino likhale ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inayambira pa Mandala pomwepo isanasamukire ku Chichiri mu 1966.

Munthu atha kufunsa kuti, kodi mbiri ya wopandukira atsamunda ingasungidwe bwino ndi bungwe limene linayamba pakati pa atsamunda? Funsolo ndi loyenera, ndipo nkhani zina zakale m'magaziniyo zimaonetsadi maso a nthawi imeneyo. Koma chiswe sichisankha pepala. Amene analisunga kuti lisadyedwe watipatsa mwayi woliwerenga ndi maso athu, n'kutsutsa pamene pafunika kutsutsa. Ntchitoyi imayenda ndi ndalama za mamembala ndi anthu odzipereka, ndipo khomo lake ndi lotsegukira Mmalawi aliyense.

8. Chigawo chapakati chinali nawo m'pangano.

Ife a ku Lilongwe timaiona ngati nkhani ya kummwera. N'zoona kuti mu 1915 Lilongwe anali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, kumene lero timati Old Town, ndipo kumene kuli Area 10 kunali tchire ndi minda. Likulu linasamukira kuno mu 1975. Koma ku Ntcheu kunali Filipo Chinyama, mlaliki amene anagwirizana ndi a Chilembwe kuti aukire boma la kumeneko. Uthenga unamufika mochedwa, boma linali litamva kale, ndipo anagwidwa n'kuphedwa. Mthenga winanso, Yotam Bango, anatumidwa ndi kalata kwa Ajeremani ku Tanganyika. Pobwera ndi yankho anapeza zonse zitatha.

9. Chipewa chinali nkhani ya boma.

Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa, ndipo ena pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende, osawerengera amene anawomberedwa m'tchire posakidwa. Tchalitchi cha ku Mbombwe anachiphulitsa ndi mabomba. Kenako boma linakhazikitsa komiti yofufuza, imene inapereka lipoti lake mu 1916. M'komitimo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, koma mboni zakuda zinaitanidwa, ndipo dandaulo limene linkabwerabwera linali la chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa, apo ayi amenyedwa, pamene mzunguyo moniwo sankabweza. Aphunzitsi ndi akalaliki akuluakulu anafotokoza mmene zimenezi zinkapwetekera. Komitiyo inavomereza kuti pa esiteti ya Bruce panali nkhanza, koma thangata linapitirira zaka zina zambiri.

Mawu a mbonizo anakhala m'mafailo mpaka katswiri wa mbiri John McCracken anawasonkhanitsa m'buku la Voices from the Chilembwe Rising mu 2015. Ndipo chipewa chija chinakafika ku London. Mu Sepitembala 2022, pa Trafalgar Square anaimikapo chosema cha Mmalawi Samson Kambalu chotchedwa Antelope, chotengera chithunzi cha 1914: a Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, ndipo a Chilembwe ndi amene anawumbidwa aakulu.

10. Amene anadzutsa PIM anaphunzira sukulu imodzi ndi a Kamuzu.

Mpingo wa PIM unatsekedwa kuyambira 1915 mpaka 1926, pamene boma linalola Dr Daniel Malikebu kuutsegulanso. A Malikebu anali mwana wa sukulu ya ku Mbombwe amene anatsatira mphunzitsi wake Emma DeLany ku America, n'kukaphunzira udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville. Pa koleji yomweyo m'pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anadzamaliza maphunziro awo mu 1937.

11. Tsiku lawo tili nalo, manda awo tilibe.

Tchuthi cha pa 15 Januwale, chimene chinakhazikitsidwa mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, si tsiku limene nkhondo inayamba, ndipo si tsiku limene a Chilembwe anafa. Thupi lawo boma linaliika mwachinsinsi ku Mulanje, popanda chizindikiro, kuopa kuti anthu angamapiteko. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Chiradzulu munkamveka zoti m'busa sanafe, anathawa ndipo adzabweranso. Kuno ku Lilongwe tili ndi chiliza cha a Kamuzu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, komanso nsanja ya ku Area 18 yokumbukira amene anafa pa nkhondo za dziko lonse, kuphatikizapo nkhondo ija imene a Chilembwe anakana kuti ana athu akaferemo. Mayina a Kufa, Njilima, Kaduya ndi Chinyama ana ambiri sanawamvepo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mabuku akuluakulu a nkhaniyi ali m'Chingelezi: Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, Magomero la Landeg White la 1987, zolemba za George Mwase, ngakhalenso za malemu D. D. Phiri. Mafailo a boma ali ku National Archives ku Zomba. Anthu amene agogo awo anagwira thangata, amene akanawonjezera zimene mapepala sananene, ambiri sangathe kuwerenga zimene zinalembedwa za iwo. Mabungwe a chikhalidwe monga Mulhako wa Alhomwe amasonkhanitsa anthu zikwizikwi ku Chonde chaka chilichonse, ndipo pakati pa anthuwo pali zidzukulu za ku Magomero zimene nkhani za kwawo zikufunika kujambulidwa akuluakulu asanathe.

Inu a ku Area 10 ndi madera oyandikana nawo, amene muli ndi galimoto, intaneti ndi ana ophunzira sukulu zabwino, ulendo wa ku Blantyre ukapezeka patulani ola limodzi mukwere masitepe a pa Mandala, mulembetse umembala, kenako mupitirire ku Mbombwe ndi ana anu. Ndipo amene muli ndi luso lomasulira, pemphani chilolezo kwa eni mabukuwa, muyambe ndi umboni wa anthu aja a chipewa, muuike m'Chichewa ndi m'Chilomwe.