Ngalawa ya Pepala Iyandame M'beseni

Mwezi wa Ogasiti mphepo ya mwera imautsa fumbi m'madera a Mua, Golomoti ndi Mtakataka, ndipo ana ambiri amadwala chifuwa ndi maso. M'nyengo yotere mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala amachita bwino kukhazika ana pamphasa m'kati, ndi kuwaphunzitsa kupinda mapepala.

Ntchitoyi siilira lumo kapena ndalama. Tsamba la kope lakale likwanira, koma pepala lokulungira mankhwala a thonje kapena a chimanga lisafike m'manja mwa ana, pakuti mwana sachedwa kuika chinthu m'kamwa. Mwana wa zaka 4 angathe kupinda chipewa, ndipo chipewacho akachipindanso chimasanduka ngalawa.

Ngozi imayambira pa ngalawayo. Mwana akaipanga amafuna madzi, tsono ku Bwanje madzi apafupi ndi a m'ngalande za sikimu ya mpunga, zochokera mu mtsinje wa Namikokwe. Madzi oyenda pang'onopang'ono otere ndiwo amakonda nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timaboola khungu ngakhale mwana sanamwe madziwo.

Choncho mlezi atunge madzi a pa mjigo, awathire m'beseni, ngalawa zipikisane m'menemo. Nthawi ya phala ikakwana, ana asambe m'manja ndi sopo.