Bakha wa m'dambo ndi wa yani? Zoyenera kudziwa mlenje wa kumwera kwa Mzimba

Mvula ikakhazikika mu Januwale, madambo a kumwera kwa Mzimba amasefukira. Kuchokera cha ku Jenda kukafika ku Embangweni ndi Edingeni, madzi amaima m'zigwa, ambiri mwa iwo n'kumatsetserekera pang'onopang'ono mu mtsinje wa South Rukuru. Atsekwe ndi abakha akutchire amatera m'maiwe, ndipo munthu amene anasungira mfuti ya malemu bambo ake kuseri kwa chitseko amaona ngati ndiwo yadzibweretsa yokha. Malamulo a dziko lino saona choncho. Mbalameyo ili ndi mwini wake, mfutiyo ili ndi ofesi yoiyang'anira, ndipo dothi limene mlenje wapondapo lili ndi woliyankhira.

Mwini mbalame ndi mtundu wonse wa Amalawi. Lamulo la malo osungirako nyama ndi nyama zakutchire la 1992, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi 2017, limaika umwini wa nyama iliyonse yakutchire m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, m'malo mwa anthu onse. Bakha atatera m'dimba mwanu sanasanduke chiweto chanu. Amakhala wanu pokhapokha mwamupha motsata lamulo. Imene imapereka chilolezo ndi Nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo malaisensi ake ndi amitundumitundu: ilipo ya mbalame, ya nyama za miyendo inayi, ya alendo ochokera kunja, ndi ya alenje a ntchito. Ya mbalame ndi imene ikukhudza nkhani yathuyi. Imatchula mitundu ya mbalame imene mwaloledwa kusaka pamodzi ndi zoyenera kutsata, choncho si chiphaso chowombera chilichonse chouluka. Amene ali ku Mzimba boma angayambe kufunsa ku ofesi ya bwanamkubwa ku khonsolo ya M'mbelwa, kapena apite ku ofesi ya nthambiyi ku Mzuzu.

Lamulo lomweli limaletsanso njira zina zosakira nyama zotetezedwa: kutentha tchire, kuthira poizoni, kutchera ulimbo ndi makhwekhwe, kusaka usiku ndi nyali yothobwa m'maso. Za poizoni ndiye zosayenera n'kukambirana komwe. Amene amaviika chimanga m'mankhwala a mbewu n'kumwaza m'mphepete mwa dziwe amapha mbalame zonse zimene zatola, amaipitsa madzi amene ng'ombe zimamwa, ndipo nyamayo imakathera m'mbale ya mwana wa mnzake. Chilango cha zaka zofika 30 m'ndende chimene chinabwera mu 2017 n'cha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, koma kungolowa ndi chida m'malo otetezedwa ndi mlandu kale, ngakhale musanaphe kanthu.

Za mfuti n'zachidule. Mwini nkhani ndi polisi, pansi pa lamulo la mfuti. Pamafunika chilolezo choti mukhale nayo, komanso laisensi yoikonzanso nthawi yake ikatha. Mfuti yamasiye siyenda ndi laisensi ya malemu. Wolowa m'malo ayenera kukaonekera yekha kupolisi. Gogodela wosula kumudzi alibe pepala, ndipo kupezeka naye n'kudziitanira unyolo.

Tsono tiyerekeze kuti mapepala onse, a mbalame ndi a mfuti, muli nawo m'thumba. Mukasaka kuti? Apa ndi pamene nkhani yavutira, ndipo ofesi ya nyama kapena ya polisi singakuthandizeni.

Malo a boma ndi otseka. Nkhalango za Perekezi, Mtangatanga ndi Chimaliro, komanso mapaini a ku Viphya kumene kuli damu la Luwawa, zili pansi pa lamulo la nkhalango la 1997 limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kusaka nyama kapena mbalame, ngakhale kutola mazira, popanda chilolezo ndi mlandu. Midzi ina yozungulira Perekezi inagwirizana ndi Nthambi ya zankhalango zosamalira limodzi nkhalangoyo, n'kumapezamo nkhuni, bowa ndi uchi, koma mgwirizano wotere suli chilolezo cha uzimba. Kumpoto kuli Vwaza Marsh ndi nyanja yake ya Kazuni, kumene abakha amachuluka, ndipo kummwera kuli Kasungu National Park. Konseko mlenje alibe malo. Kutseka kotereku sikunayambe lero: atsamunda anakhazikitsa malo oyamba oletsa kusaka ku Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa mu 1897, dziko la M'mbelwa lisanalowe n'komwe mu ulamuliro wawo mu 1904.

Kenaka pali maesiteti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, fodya atakwera mtengo, malo ambiri a mafumu ku Kasungu ndi ku Mzimba anasanduka a lizi. Esiteti ikhoza kukhala itagonera zaka zambiri, udzu utafika m'khosi, zigafa zitagwa, koma pa pepala ili ndi mwini, ndipo kulowamo ndi mfuti musanapemphe n'kulakwa. Laisensi ya mbalame siikupatsani ufulu woponda pa malo a munthu.

Chotsala ndi dambo la mudzi. Kale dambo linali la aliyense: abusa ankadyetsamo ng'ombe m'chilimwe, amayi ankamwetamo udzu ndi kutapa dothi loumbira, anyamata ankasakamo. Munthu ankangodziwitsa a nyakwawa basi. Koma pa kalembera wa 1966 Amalawi tinalipo pafupifupi 4 miliyoni, pamene pa wa 2018 tinapitirira 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mzimba lokha, osawerengera mzinda wa Mzuzu, linali ndi anthu oposa 900,000. Minda ya kumtunda itachepa ndi kuguga, makasu anatsikira kudambo. Tomato, anyezi ndi kachewere zimene zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda, zambiri zimachokera m'madimba. Palibe angadzudzule mayi amene akulipirira ana sukulu ndi ndalama ya dimba. Komabe ngalande iliyonse yokumbidwa pofuna kuumitsa dambo imachotsa dziwe, bango likapsa bakha amasowa poikira mazira, ndipo mpanda wa dimba ukazungulira madzi njira ya mlenje ndi ya ng'ombe yomwe imatsekeka. Mbalame zikuchepa chifukwa cha khasu, osati mfuti yokha, ndipo palibe ofesi imene inakhalapo pansi n'kulamula kuti zitero.

Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ali ndi mfundo imene alenje ndi abusa ambiri sanaimve. Malo a m'dera la mfumu yaikulu amene sanagawidwe kwa munthu, ndiponso ogwiritsa ntchito anthu onse, amawerengedwa ngati malo a anthu onse, osungidwa m'malo mwa eni dera. Ndondomeko ya malo ya 2002 inachita kutchula madambo ndi malo odyetsera ziweto m'gulu limeneli. Lamulo linakhazikitsanso komiti ya malo pa gulupu aliyense: wapampando ndi gulupu mwini, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Komitiyi ndiyo imaunika pempho la munthu wofuna kulembetsa malo kuti akhale akeake. Pakabuka mkangano, nkhani imayambira ku bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu, kenaka la pa boma. Ku Mzimba lamuloli silinalandiridwe ndi manja awiri. Mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa V, analitsutsa poyera poopa kuti lilanda mphamvu zawo pa nthaka. Kaya nkhani ikupita ku komiti kaya kwa Inkosi Mzukuzuku, Mabilabo kapena Mzikubola kudzera kwa mafumu aang'ono, mfundo ndi imodzi: pamene munthu akupempha chigawo cha dambo, ogwiritsa ntchito dambolo ali ndi mpata wonena kuti malowo ndi a tonse. Mpatawo umadutsa mwakachetechete chifukwa wopempha amabwera ndi mboni zake, pamene mlenje amaopa kudzitchula kuti ndi mlenje pamaso pa mfumu.

Anzathu a ku nyanja ya Chilwa anayesa njira ina. Nyanjayi italowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar, kafukufuku anaonetsa kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko chaka chilichonse, kuphatikizapo abakha oimba mluzu aja amati chipweyo. M'malo mongothamangitsana ndi asilikali a nyama, osaka mbalame anapanga makalabu ndi bungwe lawo, mothandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi komanso bungwe la alenje a ku Denmark. Anapatula malo oswanirana mbalame osalowamo munthu, n'kugwirizana nyengo yotseka kusaka. Sikuti zonse zinayenda bwino, pakuti nyanja ikaphwa monga mu 2012 ndi 2018 njala imaswa mapangano. Koma anthuwo anapeza dzina ndi mpando pa zokambirana.

Madambo a ku Mzimba ndi aang'ono, omwazikana, ndipo palibe pangano la mayiko limene likuwayang'anira. Chimene chilipo ndi bwalo la mfumu, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, ndi khonsolo ya M'mbelwa imene ili ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo aang'ono a m'boma. Mudzi ukhoza kugwirizana kuti chigawo chakutichakuti cha dambo chisalimidwe, malire ake alembedwe, mfumu isainire, ndipo kope lipite kukhonsolo. Pa pempho lotere mlenje sangayende yekha. Eni ng'ombe, omweta udzu wofolera ndi amayi otunga madzi m'zitsime za m'dambo mu Okutobala akufuna chinthu chomwecho, ndipo ku Mzimba mawu a mwini khola amamveka msanga pabwalo.