Hijabu, madiredi ndi yunifolomu: mphunzitsi wamkulu amvere ndani?

Kuchokera pa Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, belu la tchalitchi, kuitana kwa kumzikiti ndi ng'oma za gule wamkulu zimamveka m'dera limodzi. Ana a makolo onsewa amakumana m'kalasi imodzi, ndipo kawirikawiri sukuluyo imakhala yoti idamangidwa ndi mpingo koma aphunzitsi ake amalandira malipiro kuboma. Tsono mtsikana wa Chisilamu akafika atafunda hijabu, kapena mnyamata wa Chirasta akatulukira ndi madiredi ake, mphunzitsi wamkulu amakhala pakati pa mabwana awiri. Mayankho a funsoli alipo m'dziko muno, koma ndi awiri ndipo kulemera kwake n'kosiyana. Lina ndi chigamulo cha bwalo la milandu pomwe linzake ndi pangano chabe.

Pa 8 May 2023, woweruza milandu kubwalo lalikulu ku Zomba, Justice Zione Ntaba, adagamula kuti mchitidwe wokakamiza ana a chipembedzo cha Rasta kumeta tsitsi asadalembedwe m'sukulu za boma ndi wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Mlanduwo udadza kaamba ka ana awiri: mnyamata amene adasankhidwira kusekondale ya Malindi ku Zomba ndi mtsikana amene adakanidwa malo papulaimale ya Blantyre Girls. Bwalolo lidapereka malire a pa 30 June chaka chomwecho kuti unduna wa zamaphunziro ukhale utalembera sukulu zake kalata yothetsa mchitidwewo.

Kwa Mrasta, madiredi si fasho. Amawagwirizanitsa ndi lumbiro la Mnaziri lomwe likupezeka m'buku la Numeri mutu 6, lomwe limaletsa lumo kufika pamutu. Chipembedzochi chidayambira ku Jamaica m'zaka za m'ma 1930 ndipo chimalemekeza Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia imene idacheza kuno mu 1965. Malo otchedwa Emperor's View paphiri la Zomba ndi chikumbutso cha ulendowo. Bwalo lomwe lidawomba mkota pa za madiredi lili m'tsinde mwa phiri lomwelo.

Nanga mwambo wometa ana mpala udachokera kuti? Aphunzitsi ambiri amatchula ukhondo, nsabwe ndi mwambo wa pasukulu. Koma muzu wina uli m'ndale za chipani chimodzi. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo abambo adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulo la zovala za amayi lidathetsedwa mu 1993, koma maganizo oti tsitsi lalitali ndi chizindikiro cha mwano adatsalira m'sukulu ngati chiputu chomwe chimaphukanso mvula ikagwa.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adasintha kayezedwe ka nkhani zotere. Ndime 33 imapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndime 25 imati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, pomwe ndime 20 imaletsa tsankho, kuphatikizapo lotengera chipembedzo. Ufuluwu uli ndi malire, koma ndime 44 imafuna kuti malirewo akhale oikidwa ndi lamulo, omveka, ovomerezeka pa miyezo ya ufulu wa anthu padziko lonse komanso ofunikira m'dziko la demokalase. Tanthauzo lake n'lakuti mtolo wofotokoza uli pa woletsa. Mwana safunika kupepesa chifukwa cha chikhulupiriro chake. Sukulu ndiyo iyenera kuonetsa chomwe chingaonongeke mwanayo akakhala pansi ndi anzake. Ngati vuto ndi ukhondo, tsitsi likhoza kuchapidwa ndi kumangidwa bwino popanda kumweta.

Nkhani ya hijabu idayenda njira ina, ndipo idali ya utsi. Mu November 2019, kwa Mmanga m'boma la Balaka, atsikana ovala hijabu adabwezedwa pasukulu ya mpingo wa Anglican. Mkangano udabuka pakati pa Akhristu ndi Asilamu, anthu adavulala ndipo nyumba zidaswedwa, kuphatikizapo mzikiti ndi nyumba ya wansembe. Mu October 2020 ofesi ya pasukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga idatenthedwa pa nkhani yomweyo. Sukulu zina zidatsekedwa kwa nthawi, kotero amene adataya maphunziro sadali ovala hijabu okha.

Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe limasonkhanitsa zipembedzo zosiyanasiyana, lidakhala mkhalapakati, ndipo mu June 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu adasainirana pangano. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta: mtsikana wa Chisilamu aloledwe kufunda hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, koma ikhale ya mtundu wogwirizana ndi yunifolomu. Ndi nzeru yabwino, chifukwa hijabu ikulowa m'kati mwa yunifolomu m'malo molimbana nayo. Vuto lake n'lakuti pangano limayenda ndi kukoma mtima kwa amene adasaina. Wonyozera chigamulo cha khoti akhoza kuimbidwa mlandu wonyoza bwalo; wonyozera pangano amangoitanidwa kuti akambirane.

Chomwe chidachititsa kuti nkhaniyi ivute chonchi ndi umwini wa sukulu. Maphunziro m'Malawi adayamba ndi mamishoni, ndipo mpaka lero sukulu zambiri za pulaimale zili pamalo a mipingo. Mpingo umati nyumba ndi yake, dzina ndi lake, ndipo mlendo salamula pakhomo pa eni. Mfundoyi si yopepuka: mipingo idamanga sukulu pamene boma la atsamunda lidali ndi chidwi chochepa, ndipo ili ndi ufulu wosunga mapemphero ndi chikhalidwe chake. Koma chiyambireni pulaimale yaulere mu 1994, sukulu zomwezi zimayenda ndi msonkho wa aliyense, Msilamu ndi Mrasta yemwe. Malinga ndi kalembera wa 2018, Asilamu ndi pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse m'dziko muno. Wokhala mumzinda wa Blantyre kapena Lilongwe akhoza kunena kuti wosafuna malamulo a mpingo akayang'ane sukulu ina, poti kumeneko sukulu zili mbali zonse. Kumudzi wa m'mbali mwa nyanja, komwe sukulu yapafupi ndi imodzi ndipo mitsinje imadzaza m'dzinja, kumuuza mwana wa Sitandade 5 kuti akafune sukulu ina n'chimodzimodzi kumuuza kuti akhale pakhomo.

Ndipo kufunda kumutu si chachilendo kwa Mkhristu. Asisitere amavala chophimba kumutu, amayi a Mvano amamanga duku yoyera, ndipo palibe amene amadabwa. Nsalu yomweyo ikakhala pamutu pa mwana wa Chisilamu, imayamba kuwerengedwa ngati mbendera ya gulu lina. Mkangano weniweni udali pamenepo, osati pa kukula kwa nsalu.

Anthu a ku Mua ali ndi mbiri yawoyawo pa kulimbirana ana pakati pa sukulu ndi chikhulupiriro. Mishoni ya kumeneko idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo kwa zaka zambiri, makamaka m'ma 1920, ansembewo adalimbana koopsa ndi eni gule wamkulu. Mishoni inkafuna anyamata kusukulu ndi kukatekisimu, akuluakulu a mudzi ankawafuna kudambwe, ndipo kusankha kumodzi kunkaoneka ngati kugalukira kwinako. Wolemba mbiri Ian Linden adafotokoza mkanganowu m'buku lake la 1974. Pamalo omwewo, mu 1976, bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni, malo osungira chikhalidwe, omwe nyumba yake ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba za gule zomwe kale zinkatchedwa zachikunja. Mpingo wa Katolika sudathe ku Mua chifukwa cholandira zimenezi. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse.

Dera lomweli ndi la ufumu wa Kachindamoto, komwe Theresa Kachindamoto adatchuka padziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera atsikana kusukulu. Ntchito yokoka mtsikana kuchoka kubanja n'kumufikitsa pakhomo pa kalasi ndi yowawa. Zingakhale zopanda mutu kuti pakhomo pomwepo abwezedwe chifukwa cha kansalu ka kumutu.

Maiko ena adadutsa njira zosiyana. Bwalo lalikulu la apilo ku Zimbabwe lidaikira kumbuyo mwana wa Chirasta mu 2007, chaka chomwe bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidalola mtsikana wa ku Durban kuvala ndolo ya pamphuno monga mwa chikhalidwe cha kwawo. France idasankha zosiyana mu 2004 poletsa zizindikiro zonse zoonekera za chipembedzo m'sukulu za boma. Njira ya France ingavute kuno, poti m'sukulu zambiri tsiku limayamba ndi pemphero ndipo dzina lenilenilo la sukulu ndi la woyera mtima.

Izi sizikutanthauza kuti yunifolomu yatha ntchito. Imabisa kusiyana kwa mwana wa wogulitsa mpunga wa ku Bwanje ndi mwana wa waganyu, ndipo sukulu ili ndi mphamvu yonena mtundu wa nsalu, kutalika kwake ndi kamangidwe ka tsitsi. Chomwe chidasintha ndi chilango: kubweza mwana kunyumba chifukwa cha chikhulupiriro sikungatetezedwenso ndi mawu oti "ndi mwambo wa pano".

Kholo lomwe mwana wake wabwezedwa limayambira kukomiti ya sukulu, kenaka kwa mlangizi wa zamaphunziro wa m'deralo ndi kuofesi ya maphunziro kuboma la Dedza, ulendo wokwera phiri womwe umafuna ndalama. Kupitirira apo kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman ndi makhoti. Mlandu wa madiredi udalowa m'khoti mu 2017, lamulo loyembekezera lolola anawo kuphunzira lidatuluka mu January 2020, ndipo chigamulo chidadza mu 2023. Mwana amene adalowa Fomu 1 chaka chomwe mlanduwo unkayamba adali atalemba kale mayeso a Fomu 4.