Njerwa sizipemphera

Mpingo wa Church of Scotland, umene udatsegula Mishoni ya Blantyre mu 1876, lero ukuchepa anthu. Kuyambira 2021 mipingo yambiri yakumidzi kumeneko yaphatikizidwa pansi pa mbusa mmodzi, ndipo matchalitchi ena akale, momwe makolo adabatizidwira ndi kumangitsira maukwati, agulitsidwa.

Ife kuno timanyadira tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott adamanga ndi anthu akuno pakati pa 1888 ndi 1891. Komatu njerwa sizipemphera. Pa 1 Petro 2:5 tikukumbutsidwa kuti nyumba yeniyeni ya Mulungu ndife okhulupirira. Tikaleka kuphunzitsa ana athu Mawu, adzalandira makoma okongola opanda woimbamo. Tisamale nyumba zathu zopemphereramo, koma tiyambe ndi mitima.